Mfutso Wanga Unauluka ku Melbourne

Melbourne, Australia
22 Disembala

Alongo anga ba Phinias,

Landirani moni wochokera kutsidya lino la nyanja. Kodi muli bwanji ku Mpanshya? Bondo lija likukulolani kupalasa njinga? Ine Mulungu akundisunga. Mwana wanga Chipo, amene ndinabwera kudzamuthandiza uchembere, wapeza mphamvu tsopano. Khandalo alitcha Kindness, ndipo kuyamwa kwake n'kosasewera. Ndimalisambitsa ndine m'mawa uliwonse, ndipo ndikalinyamula ndimangoti zikomo Ambuye, ine wa ku Rufunsa kudzagwira mdzukulu kudziko la eni.

Kalatayi Chipo aijambula pa foni kuti ikupezeni lero lomwe, chifukwa nkhani yake si yodikira positi.

Nyengo ya kuno yandikomera zedi. Ndinkayesa kuti Khrisimasi ya kwa azungu ndi ya chisanu chokhachokha, koma ayi ndithu. Kuno tsiku limodzi limanyamula Okutobala, Januwale ndi Juni pamodzi. M'mawa dzuwa loswa mtengo, masana mvula, madzulo ukufunafuna bulangete. Mkamwini wanga ba Jordan akamapita kuntchito amatenga chipewa cha dzuwa, jekete ndi ambulera. Poyamba ndinkawaseka chamumtima. Lero nanenso ndimayenda nditatenga zonse zitatu, ndipo ndikadzuka ndimathamangira pazenera kuti ndione kuti kunja kwaganiza zotani.

Imvani zimene zinandigwera. Ba Jordan anabzala maungu kuseri kwa nyumba, koma masamba ankangowasiya kuti akhwime pachabe. Mtima unandipweteka. Loweruka lapitali ndinathyola chibwabwa chodzaza beseni, ndinachifutsa, n'kuchiyanika pa chitenje pakapinga. Tsikulo tinali ndi ulendo wa ku paki kukadya za Khrisimasi pamodzi ndi a mpingo. Chipo anandiuza kuti ndilowetse mfutsowo, chifukwa foni ikunena kuti masana kugwa mvula. Ndinatuluka n'kuyang'ana kumwamba monga munandiphunzitsira. Mtambo panalibe, anamzeze osaoneka, mphepo yotentha ndi youma. Ndinamuyankha kuti ine ndine mlongo wa Phinias, foni singandiphunzitse za mvula.

Mayo ine! Tili pakati pa kudya, mphepo inangotembenuka n'kuzizira, kenako matalala. Azimayi anathamanga ndi mapoto, abusa atavindikira mutu ndi mbale ya mpunga. Ine ndinaima pansi pa mtengo, nditanyowa chitenje chonse, ndikuseka mpaka misozi. Ola lisanathe dzuwa linawalanso, ana n'kubwerera ku mpira ngati palibe chachitika.

Titafika kunyumba tinapeza mfutso uli mbwee pabwalo la aneba. Mayi wokalamba wa nyumbayo anabweretsa chitenje changa atachipinda bwinobwino, nafunsa ngati masambawo anali a tiyi. Ndinamuphikira chibwabwa chotendera kuti aone yekha, ndipo anapukuta mbale.

Tsiku lotsatira foni ija inanenanso za mvula. Tinakhala m'nyumba tsiku lonse, osagwa ngakhale dontho. Ndinafunsa ba Jordan ngati anthu apita kukawazazira akatswiri a zanyengowo. Anaseka, n'kunena kuti amaphonya kawirikawiri ngakhale ali ndi makina, koma kukacha amanenanso za tsikulo, anthu n'kumamvetsera.

Apa ndiye pali nkhani yanga, alongo. Alamu anga ba Mailesi andiuza pa foni kuti mvula yagwa kawiri yonyowetsa nthaka, koma mbewu yanu ikadali m'thumba. Akuti anthu akabwera kudzafunsa tsiku lobzala, monga achitira zaka zonsezi, mukuwabweza kuti akafunse wailesi. Chifukwa chake ndikuchidziwa. Chaka chatha munati tibzale, tinabzala, mvula inadula, chimanga chonse n'kupserera. Ena analankhula zopweteka pamsika, ngati kuti mvulayo munaitsekera m'nyumba mwanu. Munda wanganso unapsa, ndipo ndinalira, sindibisa. Koma chilala chija chinakantha dziko lonse, ngakhale kumene dzina la Phinias silinamvekepo.

Kuyambira pamene atate anatisiya, ana anga akula ndi chimanga chobzalidwa pa mawu anu. Chipo uyu anafika ku sukulu ya unamwino ndi chimanga chomwecho. Zaka zonsezo sindinabwere n'komwe kudzakuthokozani, ndinkangoona ngati ndi mmene zimakhalira. Ndachita manyazi kuti mpaka ndachita kunyowa ndi matalala a kuno kuti ndizindikire. Zikomo, alongo anga, zikomo kwambiri.

Pempho langa ndi limodzi. Ndauza mwana wanga Maybin kuti munda wanga wa kuseri kwa phiri asaponyemo mbewu ngakhale imodzi mpaka inu mutatchula tsiku. Wadandaula kuti nthawi yatha, anzake chimanga chamera kale, koma ndamuuza kuti mundawo ndi wanga. Mukatchula tsiku mvula n'kudulanso, tidzalira limodzi, ndipo pakamwa panga sipadzatuluka mawu okunenani. Mukakhala chete, mundawo ugonera chaka chino, ndipo ndikabwera mu Epulo ndidzapeza nkhokwe ili pululu. Inu mumandidziwa kuti ndikanena ndanena. Tsiku limene mutchulelo, thumba lanulonso la mbewu mulimasule.

Mundiperekere moni kwa alamu anga ba Mailesi, muwauze kuti asaope, mlandu woulula ndausenza ine. Moni kwa azakhali ba Fainess ku Chinyunyu, kwa mng'ono wanga Leah ndi ana ake, ndi kwa onse a kumphakati wathu wa kutchalitchi. Chipo ndi ba Jordan akupereka moni kwa amalume awo, akuti Khrisimasi yabwino.

Maybin afika pakhomo panu mawa m'mawa, ng'ombe zili kale pagoli. Mutuluke, muyang'ane kumwamba, mumuuze chochita.

Ndine mlongo wanu wokukondani,
Edness