Lichero la Kansalu Kofiira

Amayi, kodi kwacha bwanji kumene muliko?

Lero ndadzuka ndikukumbukira tsiku lija ku Chiringa, ndili kamtsikana. Wogula mpunga anapisa dzanja m'thumba lanu n'kunena kuti muli mankhusu, sagula. Ine ndinalira ndi manyazi. Inu munangosenza thumba lanu. Kunyumba munatenga lichero lanu lija la kansalu kofiira m'mphepete, n'kupetanso mpunga wonse, kenako tinayenda nawo khomo ndi khomo mpaka unatha. Munati, "Munthu akakukana usamutukwane. Yamba waona ngati mankhusuwo alimodi. Ukapeta, senza wekha."

Kuno tilipo. Mdzukulu wanu Agnesi wabereka mwana wamkazi, tamutcha dzina lanu, ndipo liuma lake ndi lanu lomwe lija. Mpunga wa kudambo la Chilwa wacha bwino, koma nandolo anatha ndi mbozi. Denga la khitchini yanu likudontha. Achimwene akuti akonza, monga ananeneranso chaka chatha.

Koma nkhani imene yandigwiritsa cholembera ndi ya buku lija, lonena za inu ndi mng'ono wanu Rozina, amene munasiyana naye muli ana, iye n'kutsala ku Mozambiki. Munatisiya musakudziwa ngati ali moyo. Ndinalilemba kuti dzina lake lisatayike.

Osindikiza mabuku atatu analikana. Oyamba sanayankhe n'komwe. Achiwiri anati latalika. Achitatu anati ndichotse mutu wa lichero, akuti owerenga a m'tauni zimenezo sizingawakhudze. Ndinalitsekera m'sutukesi chaka chathunthu, mpaka mphemvu zinayamba kulilawa.

Nditalitulutsa ndinaliwerenga ngati la munthu wina. Amayi, mankhusu analimodi! Masamba ambiri ndinkangodzionetsera kuti ndinapita kusukulu. Ndinawachotsa mosamva chisoni. Koma mutu wa lichero ndinausiya, chifukwa umenewo ndiye unali mpunga weniweniwo.

Kenako ndinasenza ndekha. Kunabwera chinthu chotchedwa intaneti, chili ngati msika wosaweruka, aliyense amayala zake, anthu n'kumaona pafoni. Lachisanu lililonse ndinkakwera pachulu chija kuseri kwa tchalitchi, pamene netiweki imagwira, n'kuikapo mutu umodzi. Poyamba ankawerenga ndi Agnesi yekha, nayenso ndikuganiza kuti ankandimvera chisoni. Wina analemba kuti ndikalime. Ndinalima ndithu, Lachisanu n'kukweranso pachulu. Pano aphunzitsi a ku Jenala amandiimbira ndikachedwa, ndipo alembi achinyamata akandidandaulira kuti akanidwa, ndimawauza mawu anu aja osawonjezera kanthu.

Tsono khalani pansi, Amayi. Mwezi wa Malichi ndinalandira uthenga wa mayi wina wa ku Milanje, ku Mozambiki, dzina lake Luwiza. Analemba kuti, "Amayi anga amamanga kansalu kofiira palichero, akuti ndi mmene ankachitira amayi awo. Dzina lawo ndi a Rozina. Ndawawerengera mutu uja, tsopano akukana kudya, akungofunsa ngati achemwali awo alipo."

Anatumiza chithunzi cha a Rozinawo. Mphumi ndi yanu, kakhalidwe kopendeketsa mutu ndi kanu. Ndinawauza zoona, kuti munapita. Akuti analira tsiku lonse, mawa lake n'kunena kuti, "Ndiye ndikaone pamene agona."

Mvula inatichedwetsa, kenako mwendo wawo unatupa. Koma dzulo tapangana. Loweruka likudzali abwera panjinga yamoto ndi Luwiza, tikakumana pamsika wa Chiringa, pomwe paja anakanira mpunga wanu.

Ndikanamvera aja ankati ndichotse mutu wa lichero, mng'ono wanu akanatidziwa bwanji?

Ndikakhala nditanyamula lichero lanu kuti asavutike kundizindikira. Tikachoka pamenepo, ndikulonjezani, ndidzawagwira dzanja mpaka pamanda panu. Achimwene apalambula kale, osachita kuuzidwa kawiri.

Ndine mwana wanu wokukondani nthawi zonse,
Feliya