Manja Onse Awiri Pakhoma

Loweruka, kuno ku Lifidzi. Ndaswera mtima uli m'mwamba, ndikukumba kachewere telefoni ili m'thumba.

Felista, mwana wanga amene akuphunzira ku Beira, anali ndi mpikisano wosambira lero. Ndi uja wa masambiridwe anayi motsatana: ayambe ngati gulugufe, kenako chagada, kenako ngati chule, amalize ndi kusambira kwa liwiro. Pa gulugufe ndi pa chule, lamulo n'lakuti agunde khoma la pisina, damu losambiramo, ndi manja onse awiri nthawi imodzi. Chaka chatha anam'chotsa chifukwa anagunda ndi dzanja limodzi. Ndingamudzudzule bwanji? Anaphunzirira mumtsinje wathu uno, momwe ukafika tsidya umangogwira bango ndi dzanja lomwe layamba kufika.

Feriya yonse, sukulu atatsekera ali kuno kumudzi, akamadutsa pa nkhokwe ankaimenya ndi manja awiri kuti thupi lizolowere. ANaphiri, oyandikana nafe nyumba, anafika pondinong'oneza kuti, "Mwanayu kam'pempherereni, sizili bwino."

Felista waimba telefoni dzuwa litapendeka. Sindinam'patse n'komwe moni.

"Manja?"

"Onse awiri, amayi. Ndakhala wachinayi, koma sanandichotse."

Ndangokhala pansi pamzere pomwepo. Wachinayi salandira kanthu, ndikudziwa. Komabe pochokera kumunda ndaima pa nkhokwe paja, ndatula dengu, nanenso ndaigunda ndi manja onse awiri.

ANaphiri anali pakhonde ndipo andiona. Mawa kutchalitchi zimveka kuti zija zalowanso mayi wake.