Gawo Lachitatu Silichoka

Lolemba, 3 Malichi 1969
Chisanu sichinathebe muno mu Chicago. Zaka khumi lero chimwalirireni Ababa. Masana kunabwera a Whitcombe, otsogolera gulu lalikulu la oimba la m'tauni. Akufuna kuimba nyimbo yaitali ija ya Ababa m'holo yawo. Holo yomwe Ababa, poti anali wakuda, ankalowera khomo la kuseri. Koma ati gawo lachitatu lichoke, lija woliza lipenga amangoimba za kumtima kwake, zosalemba. "Mayi Tillery, zimenezo n'za kumowa." M'nyumba mwanga! Khofi ndinawalanda asanamalize.

Lachinayi, 6 Malichi
Kwa a Cleophus, mnzawo wa Ababa, kukadandaula. Mano atsala anayi, lipenga lili pamwendo. Ndimati andilimbitsa mtima. Ayi ndithu. "Odessa mwanawe, bambo ako anatithawa ife a jazi n'kumakalembera azungu a mavayolini. Lero ukulira chiyani?" Ndinawafunsa kuti nanga nyimbo imene akhala akutsekera dansi zaka makumi atatu anapeka ndani. Onse amadyera Ababa, onse akuwakana.

Lachiwiri, 11 Malichi
Kalata ya a Whitcombe. Popanda kudula, saimba. Asaimbe. Mapepala onse ali m'sutikesi kunsi kwa bedi langa. Ndinalirabe pochapa. Bwanji ngati ndikuwakwiriranso Ababa kachiwiri?

Lamulungu, 16 Malichi
Abusa avomera, tiimbira m'tchalitchi mwathu. Piyano ndiliza ndekha, nyamakazi ione zochita. Mavayolini ndilibe ngakhale imodzi.

Loweruka, 29 Malichi
Tikuyeserera m'mawa, chitseko chinatseguka. A Cleophus, taye pakhosi. "Usaganize kuti ndabwerera iwe. Wina angaliwononge gawo limeneli." Patapita kanthawi, azungu asanu ndi mmodzi a m'gulu la a Whitcombe, mavayolini m'manja, osatsanzika kuntchito. Mayi wina mwa iwo, Ingrid, ati aphunzitsi ake ankamupatsa mobisa mapepala a Ababa n'kumati aphunzire mmene nyimbo imapumira. Gawo lachitatu a Cleophus analiliza maso ali chitsinzire. Mavayolini anangowatsata. Ine zala zinaima, ndinaphonya polowera.

Lachitatu, 2 Epulo
Nyuzipepala yalemba za ife. A Whitcombe aimba foni kawiri, mawu ofewa ngati batala. Akufuna mpando wa kutsogolo Loweruka, tsiku loimba. Ndawauza kuti kutchalitchi kwathu sitisungira munthu malo. Afulumire.