Kachitseko pa Mpanda wa Nachesi

Amayi, kodi mukudzuka bwanji kumeneko?

Ine Rozina ndili bwino. Amuna anga a Makwinja nawonso ali bwino, akupondabe makina awo osokera pakhonde la sitolo pano pa Boma. Mimba munandisiya nayo ija inatipatsa mwana wamkazi, ndipo pano akuyenda, akugwetsa chilichonse chomwe manja ake afikira. Tinamutcha Nasitaziya, dzina lanu, ndiye ndikafuna kumukalipira ndimayamba ndapepesa. Mvula chaka chino yatikonda. Chimanga chamasula, maungu ayanga mpaka pakhomo la khitchini, ndipo mbuzi yanu yamawanga yaswa mapasa, koma kuba ndiwo za eni sinasiye. Kukampu ya othawa nkhondo anthu akubwerabe, ena ndi katundu pamutu, ena manja okha. Lole ikamatsitsa anthu ndimapita kukayang'ana nkhope imodziimodzi, monga munkachitira inu. Mwana wanu Zuze, mlongo wanga, sindinamuonepo.

Masiku ano ndikumawodzera masana mwana akagona, ndipo ndimangopezeka ndili kwathu kuseri kwa Zobue, nkhondo isanatipeze. Mphepo imanunkha utsi wa chinangwa chootcha. Inu muli pamphasa mukusenda nandolo, Zuze ali chogwada kuseri kwa nyumba, akumangira mpanda wa bango kamtengo kake ka papaya. Mukukumbukira kuti mpanda uliwonse womwe ankamanga ankausiyira kachitseko kakang'ono, koti ngakhale nkhuku singalowe? Inu munkamufunsa kuti kodi mtengo umapita kuti, iye n'kuyankha kuti, "Ukatopa kuima uzituluka." Anakula mpaka ndevu, koma kachitseko sanasiye. Ndikadzidzimuka ndimapeza ndikuseka ndekha, kenako mtima umawawa, chifukwa ndimakumbukira tsiku tinkathawa lija, iye atabwerera kukamasula mbuzi n'kutiuza kuti atipeza kutsogolo.

Mawu anu omaliza m'chipatala muja sindinawataye. Munati tikuikeni poti Zuze akadzabwera adzakupezeni. Chiliza sitikanachitha, ndiye ndinatenga njere za nachesi munayamwa tsiku lomaliza uja, ndinazifesa m'chitini, imodzi n'kumera. Ndinakaibzala kumutu kwanu tsiku lomwe tinkaika mwana wa oyandikana nafe. Chaka chimenecho kolera anadzaza manda athu a othawa nkhondo, akuluakulu n'kuwatseka, n'kutsegula ena kufupi ndi kampu. Mukudziwa kuti kumanda munthu sangolowa ngati kudimba. Mvula ziwiri zadutsa ndisanapondeko, ndimangopenya nsonga za mitengo yake ndili pamsewu. Chokuzindikiritsani padziko lonse lapansi ndi kamtengo kameneko basi.

Tsopano imvani za ntchito. Boma lalamula kuti m'dziko lonse muno anthu ake agwirane manja pothana ndi chamba ndi mapilitsi oledzeretsa omwe akudutsa ndi malole. Wayilesi ikungonena zomwezo m'mawa ndi madzulo. Kuno kuchipata cha m'malire ndiye nkhani yakula, moti bwana DC anasonkhanitsa apolisi, akasitomu, azankhalango, azaumoyo ndi alangizi a zaulimi kuti azikhala pamodzi m'chipinda chimodzi. Ine amandiitana kukamasulira akafuna kulankhula ndi anthu akwathu, poti Chinyungwe ndi Chipwitikizi ndinayamwira, Chichewa ndinakwatiwa nacho. Poyamba ndinkakumbukira mawu anu aja akuti mbuzi ya anthu ambiri imagona ndi njala. Wapolisi ankati galimoto ilipo koma mafuta ali kwa azaumoyo, azaumoyo ankati mafuta alipo koma njira akuidziwa ndi azankhalango. Ine ndinkangoyang'ana pawindo, mitambo ikuwoloka malire popanda woifunsa chiphaso.

Kenako wazankhalango wina, akulondola utsi wa owotcha makala, anaima paphiri n'kuona kubiriwira kwachilendo pakati pa manda athu. Chinali chamba, Amayi. Wina anaona kuti kumeneko sikufika munthu, n'kulima pakati pa mitumbira, pamwamba panu. Lamulo lomwe linabwera limati chamba chikapezeka chizitenthedwa pomwepo, nthambi zonse za boma zikuona, kuti pasapezeke wozembetsa. Anagwirizana zothira mafuta n'kuyatsa. Kwa nthawi yoyamba onse anavomerezana msanga. Moto sudziwa kusiyanitsa chamba ndi nachesi. M'maganizo ndinaona phulusa lokhalokha, mitumbira yonse yofanana, Zuze atafika n'kundifunsa kuti amayi ali pati, ine n'kumangoloza ponseponse.

Anaitana a Bande, nkhalamba ija inkatsogolera okumba manda kukampu, kuti awadziwitse. Ine ndi amene ndinayenera kuwauza m'chilankhulo chathu kuti manda atenthedwa. Ndinawauza. A Bande anavula chipewa n'kunena mofatsa kuti, "Auzeni mabwanawa kuti kumanda sikulowa moto. Agona kumeneko anathawa moto kwawo." Wakasitomu anati ndiye achizule n'kukachitenthera pamsewu. A Bande anapukusa mutu. "Chomera kumanda sichituluka. Chadya anthu athu, utsi wake mukufuna aupume ndani?" Ine ndinaiwala kuti ndine womasulira chabe, ndinangomva pakamwa panga pakunena kuti, "Bwana, muli mayi anga mmenemo, ndipo chizindikiro chawo ndi kamtengo."

Mkulu wa apolisi ndi bambo wamtali wochokera kumpoto, wosaseka wamba. Anayang'ana chipewa chake nthawi yaitali. Ndinamva pambuyo pake kuti mayi ake anaikidwa iye ali kuntchito kuno. Anafunsa kuti, "Madala, kutentha ayi, kutulutsa ayi. Nanga kukwirira?" A Bande anati kumanda ndiye kwawo kwa kukwirira. Alangizi anati ngati sichinabereke njere chikhoza kuwolera pansi osameranso, ndipo akachiona okha. Azaumoyo anati laimu wotsala nthawi ya kolera alipo, athira pamwamba. Wazankhalango anati asonyeza pokumba posadula mizu ya mitengo. Bwana DC anaimba foni kwa akuluakulu awo, anayankhula Chingerezi chambiri, n'kubwera akumwetulira. A Bande anawonjeza chimodzi, kuti dzenje la kumanda silikwiriridwa lopanda mwini, limaitana munthu, ndiye pafunika thunthu la nthochi ligone pansi m'malo mwa maliro. Wakasitomu yekha ndi amene analibe chochita, choncho thunthulo anasenza ndi iyeyo, yunifolomu yake yoyera n'kuthimbirira ndi utomoni. Mutu umodzi susenza denga, koma thunthu la nthochi unasenza.

Mwina munatimva tikubwera. Kunali nkhungu m'mawa umenewo, ndipo tinalowa mwakachetechete pambuyo pa a Bande, iwo akuwomba m'manja kupempha njira. Zinali ngati ndikulota. Mabwana omwe ndinazolowera kuwaona kuseri kwa matebulo anali atapinda mathalauza, akuzula ndi manja, akulambalala mitumbira mwaulemu ngati akudutsa pakati pa anthu ogona. Chamba chinali chitatalika kundiposa, mame ake akutigwera m'khosi, fungo lake likuzunguza mutu. Azimayi a kukampu anayamba kung'ung'udza nyimbo ya maliro, kaya mwa chizolowezi kaya mwa chipongwe, ndipo wazaumoyo anawalandira ndi besi. Ine ndinkazula ndikulowera kumene mtima unkandiuza, pafupi ndi mtengo wa muwanga, ndikuopa kuti ndikapeza kamtengo kanu katafa kale ndi mthunzi.

Ndinakapeza kali moyo, Amayi. Kafika m'chiuno mwanga, masamba ake obiriwira bwino. Pozungulira mtumbira wanu panali posesa, chamba chinabzalidwa motalikira kuti dzuwa lizikufikani. Ndipo kamtengoko kanali ndi mpanda wa bango, womangidwa bwino ndi luzi. Ndinauzungulira pang'onopang'ono. Kumbali yoyang'ana kwathu kunali kachitseko.

Ndinakhala pansi pamatope. Ndinakatsegula ndi chala, ndinakatseka, ndinakatsegulanso. Chimwemwe ndi mantha zinandigwira nthawi imodzi, moti sindinadziwe cholirira. Zuze ali moyo. Anawoloka, anafunsa anthu, anakupezani monga munafunira. Koma ndi iyenso amene nthambi zonse za boma zikumufuna, ndipo ine mlongo wake ndimakhala nawo m'chipinda chimodzi n'kumawamasulira. Mwina n'chifukwa chake sanafike pakhomo panga. Mwina anandionapo ndikutsika galimoto ya apolisi, iye n'kubisala kuseri kwa lole. Kaya ndi njala inamufikitsa apa, kaya ndi anthu a malole anamugwira dzanja, sindikudziwa. Zomwe wachitazo sindikuzivomereza, ndaona anyamata angati pano pa Boma akuyankhula okha pamsika chifukwa cha fodya ameneyu. Koma munkati chibale ndi fupa, sichiwola.

Mkulu wa apolisi uja anandipeza ndili pomwepo. Anayang'ana mpanda, anayang'ana posesa paja, n'kunena kuti, "Wolima uyu ali ndi wake muno." Kenako anandifunsa kuti, "Mayi, pagona ndani apa?" Ndinati mayi anga. Anandiyang'ana, ine ndinayang'ana kachitseko. Sanafunsenso china. Anangoti munthu wobwera yekha ndi miyendo yake amamvedwa mosiyana ndi wogwidwa kutchire, n'kubwerera kudzenje. Sindikudziwa kuti adikira mpaka liti.

Chambacho tinachiika bwinobwino, thunthu pansi, icho pamwamba, laimu, kenako dothi, aliyense n'kuponyapo lake. Ndiye mukamva fungo lachilendo chakumapazi kwanu musadabwe, mwalandira woyandikana naye wosachedwa kuwola. Potuluka tinasamba m'manja tonse mumphika umodzi wa a Bande, bwana ndi wothawa nkhondo yemwe. Akuti njira imeneyi aiuza anzawo a maboma ena, poti manda otsekedwa si kuno kokha.

Ndisanatuluke ndinang'amba kansalu kumphepete kwa chitenje chanu chija, kapulana wabuluu amene ndimaberekera Nasitaziya, n'kukamangirira pakachitseko. Zuze amamudziwa kapulanayu, ndi iye anakugulirani ndi ndalama zake zoyamba za ganyu. Munda wake wapita, koma kwa inu abweranso, ndikumudziwa. A Bande andilola kuti ndizifika pamphepete pa manda Loweruka lililonse, ndipo a Makwinja ati mphasa ya Zuze ilipo, akabwera tidzapita naye limodzi kukaonana ndi bambo wamtali uja.

Inu ndi amene mukumuona, Amayi. Akadzagwada kuti akonze mpanda, mumunong'oneze kuti kachitseko anakasiya yekha, atuluke. Ine ndikulonjeza kuti sinditopa kudikira, ndipo tsiku lomwe nachesi wanu adzabereke, tidzabwera awiri kudzakuuzani.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Rozina