Kansalu ka Mabowo Anayi

Mwana wanga,

Ndikhulupirira kuti uli bwino pamodzi ndi amuna ako ndi mdzukulu wanga. Kuno ndilipo. Bondo lija likuvutabe, koma ndikuyenda.

Chiikireni amayi ako m'manda sunandiimbire. Sindikukudzudzula. Ndalemba chifukwa pali mawu amene ndinalephera kukuuza pamaliro.

Ukukumbukira kuti ukaimba pa vidiyo nkhope zinkangouma pafoni, mawu n'kumaduka. Amayi ako zinkawapweteka, pakuti mwana wako anali asanamuonepo akuseka. Aphunzitsi oyandikana nafe anatilangiza kuti tigule rauta, kabokosi kogawa intaneti m'nyumba, ndipo anabwera kudzatigulira kudzera pafoni ya amayi ako.

Amayi ako anasankha ya tinyanga tinayi, imene ikanafika patatha masiku atatu. Pansi pake panali ina ya tinyanga tiwiri, yotsitsidwa mtengo, yochokera kutali, yofika patatha masabata asanu ndi limodzi. Iwo atalowa kuchipinda kukamwa mankhwala, ndinauza aphunzitsi kuti adine yotchipayo. Anandifunsa kawiri ngati ndatsimikiza. Ndinawayankha kuti nyumba ino ndi yanga.

Sikuti ndalama panalibe. Ndi khalidwe langa, umalidziwa.

Amayi ako sanadziwe. M'mawa mwake anakhala pamakina awo osokera, nasoka kansalu kovindikira rautayo kuti fumbi lisalowe, monga anachitira ndi wailesi. Anayang'ana chithunzi cha pafoni, naboola mabowo anayi, lililonse nalipinda m'mphepete ndi ulusi wobiriwira. Anandiseka kuti wofunika kansalu kwenikweni ndine, chifukwa fumbi linandikhala kalekale.

Tsiku lachinayi anayamba kufunsa. Galimoto ikaima pamsewu ankasuntha katani. Ine ndinkakalipa kuti ogulitsa a pa intaneti ndi abodza, iwo n'kumanditonthoza kuti ndisapse mtima, katundu afika. Sabata yachinayi tinawagoneka kuchipatala. Zotsalazo ukuzidziwa.

Pamaliro unandifunsa chifukwa chimene amayi ako anapitira osamuona bwino mwanayo, ndipo ndinati ndi netiweki. Ndinanama. Ndikanapanda kusintha rauta imene anasankha, akanamuona mdzukulu wawo masabata atatu athunthu.

Lachiwiri lapitali foni yawo inalira m'kabati. Anali mwamuna wa njinga yamoto, akufunsa ngati mwini nambala alipo kuti alandire katundu wake. Ndinamuuza kuti achokapo. Ndinasaina ndine.

Aphunzitsi alumikiza zonse. Rautayo ndaiika pamakina osokera, pafupi ndi zenera, ndipo timagetsi take tikuphethira usana wonse. Anandichenjeza kuti ndisaivindikire chifukwa imatentha. Ndinavomera, koma atatuluka ndinaiveka kansalu kaja. Tinyanga tiwiri tinalowa bwinobwino. Mabowo awiri otsalawo ali pululu, ndipo ndikakhala pampando wanga amandiyang'ana.

Chikulire chako sindinakupemphepo kanthu. Lero ndikupempha. Lamlungu masana uimbe pa nambala ya amayi ako, pakuti ndiyo yolumikizidwa. Ngati sufuna kuona nkhope yanga, ndimvetsa. Ndidzatembenuzira foni ku mpando wawo, ine n'kuima kumbuyo. Iweyo ungomuseketsa mwanayo.

Kansaluko ndidzakachotsa nthawi imeneyo, kuti mawu asaduke.

Undiperekere moni kwa mkamwini wanga. Mulungu akusungeni nonse atatu.

Ndine,
Bambo ako.