Nkhope ya Mlamu Wanga Simon

9 Juni 1958
Ntchito yatsopano. Bwana Ranja, mkulu woyang'anira nyama, andipatsa mlendo woti ndizimulondera kutchire: Adona Edith a ku Mangalande, okalamba ndithu, ojambula zithunzi za m'mabuku a ana. Ine mfuti, iwo pensulo. Andionetsa buku lawo. Mbewa zovala madiresi, chule wa jekete akupalasa njinga. Ndati nzabwino.

12 Juni
Tsiku lonse pansi pa mvunguti, m'mbali mwa Luangwa. Njovu ya mnyanga wothyoka yabwera kudzamwa. Adona aijambula itavala chipewa, ndodo kuchitamba. Akuti ndi mphunzitsi wamkulu. Ntchentche za kashembe zandimaliza miyendo. Nsapato yakumanzere yayasama.

20 Juni
Ndawafunsa chifukwa chake sajambula anthu. Akuti nkhope yomaliza kuijambula inali ya mwana wawo, asanapite kunkhondo. Sanabwereko. Kenako apempha tiyi.

2 Julayi
Ndili kwa Msoro. Njovu inaphwasula nkhokwe ya mlamu wanga Simon. Iye anatuluka ndi chitini kuti aiopseze. Tamuika lero. Mlongo wanga Alice sakulira, angoyang'ana pomwe panali nkhokwe. Mapira ali mbwee, nkhuku zikudya. Khanda kumsana. Anthu akuti njovuyo minyanga inali yonse, ndiye si aphunzitsi aja.

8 Julayi
Kukampu. Adona sanafune kupita kumtsinje. Angofunsa ngati Simon anasiya chithunzi. Chithunzi kwa Msoro! Kenako akuti, "Josiah, ndiuzeni nkhope yake."

10 Julayi
Kutsata mapazi a nyalugwe pamwala nkosavuta kusiyana ndi kufotokoza nkhope ya Simon. Mphuno ndaikumbukira, mpata wa mano, chipsera cha nkhwangwa pachibwano. Maso andisowa. Munthu ndinkadya naye mbale imodzi, maso ake sindikuwadziwa. Ndapita kuseri kwa khitchini, ndakhalako pang'ono.

Adona ayesa kujambula maso. Afufuta mpaka pepala labooka. Tayambanso.

14 Julayi
Atsiriza. Amuveka malaya oyera a kolala, omwe Simon sanakhalepo nawo. Sindinatsutse. Madzulo sanadye. Wophika akuti anawapeza atagwira pensulo, akuitana dzina la mwana wawo.

19 Julayi
Kwa Msoro. Ndapereka chithunzi kwa Alice. Wapukuta manja pachitenje, wayang'ana nthawi yaitali. Akuti, "Achimwene, si iyeyu. Makutuwa ndi anu." Ndatambasula dzanja kuti ndikabweze. Wakana. Wachionetsa khanda, akuti, "Atate ako awa." Khanda lafuna kuchidya. Wachikulunga m'nsalu yake ya kutchalitchi.

20 Julayi
Mawa kukampu, wapansi mpaka kwa Jumbe. Adona anyamuka Lachisanu, akuti maso atha, buku ili nlomaliza. Adzandifunsa ngati Alice wamuzindikira mwamuna wake. Bodza sindilidziwa bwino. Ndakhala ndikuyeserera panjira ya kudimba. Ndidzati, Adona, mlongo wanga atangochiona... Nthawi zonse bodza likuthera pomwepa.