Thadzi Loyera la Rukiya

Lolemba, 3 Novembro 1986. Ku Chiuta.
Mwana wanga Rukiya wathyoka dzanja lamanja. Mabwato awiri anagundana padooko iye atagwira m'mphepete. Timafupa tiwiri takuseri kwa chikhatho. Sanalire kwambiri, anangoyang'ana nyanja. Ndakoka, ndawongola, ndamanga ndi bango ndi luzi. Kenako thadzi lathu loyera: ndalithyola mwendo, ndalimanganso. Amalume anandiphunzitsa choncho, mwana ndi nkhuku amapolera limodzi. Thadzi likadzaponda pansi, mwana ndimasula. Likafa lisanaponde, dzanja limauma. Sindinazionepo, koma ankatero.

Lachiwiri, 4 Novembro.
Dzanja loyamba chaka chino, ndiye la m'nyumba mwanga. Posoka ukonde ndimakumbukira amene ndinawamanga. Chaka cha ufulu, 1975, ana khumi ndi anayi, ambiri nyengo ya mango. 1978, xikola, sukulu yathu, itatsegulidwa ndipo mpira utabwera, makumi awiri ndi mmodzi. Chaka chatha awiri okha. A enfermero a pachipatala cha ku Insaca ankati zikamachepa ndiye bwino. Kaya. Ana sakuthyoka chifukwa sakukwera. Mango akugwa okha, akuwolera pansi. Ndimasowa phokoso lija la masana, mayi akuthamangira kwathu, mwana kumsana akulira, madzi a mango adakali pachibwano.

Lamulungu, 9 Novembro.
Utsi wa nkhondo kumtunda. Anthu akudutsa ndi mitolo, osapereka moni. Rukiya ndi thadzi pakhonde tsiku lonse. Ndinamumva akuliuza: "Iwe ukayenda, inenso." Ndinawodzera masana, n'kulota. Manja onse amene ndinamangapo akuyandama panyanja ngati akakombo, kutseguka, kutsekeka. Ndimawadziwa limodzi limodzi. Eni ake osaoneka.

Lachitatu, 12 Novembro.
Mawa tiwolokera ku Malawi. Juma, mwini bwato lalikulu, wakana: "Nkhuku ayi. Ikangotetera pakati pa nyanja tonse tapita. Kapena tiyambe taizinga, tidye?" Anaseka yekha. Mkazi wanga Mastura, motsitsa: "Bambo a Rukiya, ana afere pano chifukwa cha nkhuku?" Ndalisiya kwa a Asani, nkhalamba yoitana swala kumzikiti, amene akana kuchoka. Ati, "Pitani. Ine ndi ili tonse ndife opunduka, tizisungana."

Lachinayi, 13 Novembro.
Nkhungu. Madzi ndi mtambo chinthu chimodzi, ngati tikupalasa m'mwamba. Rukiya ananyamula dzanja lake pachifuwa ulendo wonse monga wanyamula mwanapiye.

Lachisanu, 28 Novembro. Tsidya la Malawi.
Msasa wa udzu. Ufa wa pamzere. Namwino wa kuno wagwira dzanja, ati fupa lalumikizana, timasule, zala ziyambe kugwira ntchito, tikachedwa zidzalimba osapindikanso. Ndamva. Zala zanga zomwe zikundiuza chimodzimodzi. Koma thadzi? Rukiya salola ngakhale mayi ake kukhudza luzi. "Mpaka liponde." Madzulo amaima poyang'ana kwathu. Phiri lokha, lobiriwira, ngati silinamve kanthu.

Ana a kuno amakwera mitengo. Dzulo wina wagwa mu mango, mkono. Anamuthamangitsira kuchipatala. Ndinaima n'kumangoyang'ana, mtima uli myaa. Mulungu andikhululukire.

Lachisanu, 5 Dezembro.
Juma wabwerako kwathu. Nyumba zapsa. A Asani ali moyo, akubisala m'bango. Nkhuku zonse anatenga amfuti. Ndafunsa tsiku, sakulidziwa. Ndafunsa ngati thadzi linali litaponda. Ati, "Achimwene, mudzi wapsa."
Mastura sindinamuuze. Kumzikiti sindinamve khutuba, ulaliki wa Lachisanu.

Loweruka, 6 Dezembro.
Kudikira kwatha, palibenso chodikira. Ndikasiya, zala ziuma ndithu. Ndikamasula, kaya.
Ndinamuitana Rukiya kuseri kwa msasa. Ndinati Juma wabwera ndi uthenga, thadzi laponda, likupalasa pabwalo la a Asani. Anafunsa, "Ndi mwendo womwe uja, baba?" Ndinati womwewo. "Osatsimphina?" Pang'ono pokha, ndinatero.
Anatambasula mkono yekha. Ndinadula luzi, mabango anagwa. Kadzanja kowonda, kotuwa, konunkha thukuta. Ndinaika chala changa m'chikhatho chake, ndinati finya.
Chamkombaphala chinapindika. Chapakati chinatsatira, pang'onopang'ono, chikunjenjemera. Iye akuseka, akuti thadzi lija n'laulesi. Ine maso ali pa chachitatu, kudikira ngati nacho chipindike.